Kwa H.T., Mmisiri Mnzanga

Sindikudziwa, iwe H.T.
Dzina lako ndi zilembo ziwiri basi
zodindidwa kumsana kwa supuni,
pambali pa kamkango kokweza mwendo umodzi
ndi kanangula,
ngakhale kuno ku Kasungu kulibe sitima yoti n'kukocheza.

Ine ndine Lufeyo Dzimbiri.
Ndimakhoma zidebe kuseri kwa depoti,
mbaula, mafanelo, makeni othirira nazale za fodya.
Malata anga ndi otsika pa madenga a eni,
obwera ndi maso a misomali.

Supuni yoyamba ndinaigula kwa a Kamphinda,
khukhi wa mzungu pa esiteti ina cha ku Mpasadzi.
Tsiku lomwe bwanayo ankapakira katundu
malipiro a miyezi iwiri anasanduka
masupuni asanu okulunga m'nyuzipepala.
Anayi anapita chaka cha njala,
imodziimodzi, kusinthana ndi gaga.
Yotsalayo ankapalira nayo poto.
Inali bii, ngati yagonera m'balani.

Ndinaikwecha ndi phulusa ndi kansanza konyowa
mpaka nkhope yanga inatulukamo,
yazyolikazyolika, mphuno ngati chikho.

Kuyambira pamenepo matenda anandilowa.
Mafoloko awiri kwa wakaunjika wa ku Chinkhoma.
Kambaniro kena, ndinkati n'kozulira minga,
kumeneko n'kotolera shuga wamibulu.
Thipoti yophwanyika mbali imodzi
inandidyera ndalama ya zidebe khumi ndi zinayi.
Nankhoma sanandiyankhule masiku atatu,
lachinayi anangoti:
"Anzanu akugula mbuzi. Supuni siiswana."

Aphunzitsi Chimutu anafufuza pa foni yawo.
Akuti mkangowo ndi mboni yoti chitsulo sichikunama,
nangulayo ndi mzinda womwe unkakhomera,
ndipo kalembo kali pakona ndi chaka,
chaka chomwe agogo awo a bambo anga
anali asanamere mano.
Za iwe mwini foniyo inangoti zii.

Koma ine ndakupeza.
Osati kunja, komwe unasalaza kuti mabwana adziyang'anirepo,
koma m'kati mwa thipoti, pansi pa khosi,
pomwe sipafika diso la wogula.
Pamenepo nyundo yako inasiya mapazi,
aang'onoang'ono, ondondozana ngati a nkhwali pa mchenga.
Ndikalowetsa chala ndimamva kuti unali wamanzere.
Ndipo pomwe unawotcherera chigwiriro
dzanja linanjenjemera kamodzi.
Kunali chisanu?
Kapena mwana anachezera kutsokomola,
iwe n'kulawirira ku ntchito maso ali gwa?
Usachite manyazi. Nanenso ndili ndi zidebe zotero,
zikutunga madzi ku Chamama mpaka lero.

Ndikufunse, mnzanga:
unadyerapo supuni yonga iyi?
Kapena kwanu kunali yamtengo, yothetheka kumapeto?
Ndafunsa chifukwa chidebe cha kunyumba kwanga chimadontha,
Nankhoma amachimata ndi sopo.

Anabwera wina wa galimoto yoyera, wochokera ku Lilongwe,
ali ndi kasikelo m'thumba.
Anati aziyeza zonse pamodzi, alipire pa kulemera.
Pa kulemera!
Ngati fodya wa makata pa okushoni.
Ndinamufunsa kuti mapazi a nyundo amalemera bwanji.
Anaseka, nanenso ndinaseka,
ndinakulunga zinthu zanga m'chitenje chakale.
Usiku umenewo tinadya ndiwo zopanda mafuta.

Pophwanyika pa thipoti sindinawongolepo.
Nyundo ndili nayo, luso lilipo,
koma amene anaigwetsa anali ndi dzina nayenso,
ndipo mwina anamudula malipiro.

Sabata yatha ndinasongola msomali wa mainchesi sikisi.
Tsopano pansi pa keni iliyonse
ndimakhomapo L ndi D.
Mkango ndilibe wondichitira umboni,
ndipo dzimbiri, mnzanga wa dzina,
lidzadya zilembozo mvula zinayi zisanathe.

Mayi wina dzulo anatembenuza chidebe,
n'kufunsa ngati timabowo sitidzadontha.
Ndinati ayi, mayi, sindinaboole.
Ndangogogoda.