Dzanja Lobwerera m'Chiuno

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkamenya mpweya
m'chipinda chapamwamba pa shopu ya njinga ku Koza,
matabwa onunkha thukuta, mafani awiri, ina yakufa.
Naihanchi: kuyenda chammbali ngati nkhanu,
kumanja, kumanzere, msana kukhoma.
Aphunzitsi Agarie ankawerenga, ife tinkatsata,
ndipo mdani wathu anali waulemu zedi:
ankafika pa nthawi yake,
n'kuponya nkhonya imodzi yowongoka,
n'kuisiya m'malere kudikira kuti tiithyole.

Ndinafunsapo kamodzi: dzanja ili lobwerera m'chiuno
likubwerera kukatani, lopanda kanthu?
Anaseka, mano awiri agolide akung'anima:
"Wakuuza ndani kuti n'lopanda kanthu?"
Basi. N'kupitiriza kuwerenga.

Lachinayi lina, namondwe atangodutsa,
ndinaweruka mochedwa kunyumba yosamalira okalamba,
manja akununkhabe sopo ndi mankhwala.
Poimika magalimoto nyali inali itathima.
Munthuyo sanaweramitse mutu.
Sanaime patali, sanaponde mwendo kutsogolo.
Anayamba ndi kufunsa nthawi,
fungo la awamori lili guu,
ndisanayankhe dzanja lake lili kale pa kolala yanga,
lonyowa, lolemera.

Ndinene zoona:
kata yonse inandithawa.
Maondo anasanduka madzi, makutu anatseka,
dziko linachepa mpaka kutsala batani limodzi la malaya ake.

Koma dzanja lamanzere silinandipemphe chilolezo.
Linakola mkono wa malaya ake, n'kukokera m'chiuno,
iye anadzandira, nkhope inatsika,
chigongono changa chinakumana nayo panjira.
Sizinali zokongola. Ndinadziluma lilime.
Ndinakuwa, osati mfuwu wa m'kalasi uja,
koma kulira kwa mwana wolumidwa ndi mavu.
Kenako liwiro la mtondo wadooka,
nsapato imodzi n'kutsala m'chithaphwi,
mpaka m'sitolo yosatseka usiku,
momwe mnyamata wa pakauntala, Seiyu dzina pachifuwa,
anaimbira apolisi, n'kundipatsa botolo la tiyi wozizira
limene zala zanga zinakanika kutsegula.

Loweruka ndinakwera masitepe aja manyazi ali m'khosi.
Ndinati: Aphunzitsi, ndinalephera.
Pa mayendedwe onse aja anatuluka amodzi okha,
okhotakhota, kenako ndinathawa.
Iwo ankakonza fani yakufa ija, msomali uli kukamwa.
Anaulavulira m'dzanja.
"Amodzi? Ndiwe wolemera.
Ine ndili mnyamata, kudoko la Tomari,
sanatuluke ngakhale amodzi.
Mano ukuwaonawa ndinachita kugula."

Tsiku limenelo sitinamenye mpweya.
Anatiuza tivale majekete ndi nsapato,
anathimitsa nyali,
anauza Morikazu, dalaivala wa takisi,
andigwire tsitsi, andikankhire kukhoma,
anditukwane monga amatukwanira oledzera a ku Nakanomachi.
Morikazu anapepesa kaye, kenako anatukwana bwino kwabasi.
Tinagwa, tinaphonya, wina anang'amba thumba.
Mumdimamo phazi lija timalinyamula ngati kuvina
linapeza bondo la munthu,
mutu uja timautembenuza mwaulemu
unali kufunsa: kodi ali yekha?
Zina sizinagwire ntchito ngakhale pang'ono,
ndipo aphunzitsi sanaziikire kumbuyo.
Anangoti, "Chimenecho mwina chinali cha munthu wamtali."

Ndinafunsa: nanga kuthawa kuli pati m'kata?
Analoza chitseko ndi chibwano.
"Chakhala pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri."

Ndimachitabe Naihanchi m'mamawa, pakhonde,
pakati pa zovala zoyanika ndi mphika wa goya,
ndege zankhondo zikudutsa pamwamba.
Dzanja likamabwerera m'chiuno
limabwera lolemera, muli nsalu yonyowa.
Usiku ndimatuluka ndi anzanga awiri,
makiyi ali kale m'manja,
ndipo wondifunsa nthawi ndimamuyankha ndili patali.

Nsapato yotsala ija ikadali pakhomo panga.
Sindinaitaye. Inzake sindinakaifunefune.