Ndodo Zodikira ku Borrowdale

Bwana Marufu ali ndi mitolo iwiri ya ndodo za gofu.
Mtolo wina amakhala nawo ku Manchester,
winawu ndimaulondera ine
kuseri kwa chitseko cha galaja, pambali pa jenereta,
m'chikwama chachikopa chotalika ngati mwana wa giredi faifi.

Amati kukwera nazo ndege n'kodula,
ndiponso zimathyoka m'mimba mwa ndegemo.
Ndiye anagula zina, zofanana ndendende,
kuti akatera mu Disembala
angosamba, avale kabudula woyera,
akaponde kapinga wa ku Chapman mame asanaume.

Miyezi khumi ndi umodzi nyumbayi imangoti zii.
Makatani otseka, firiji yozima, kukamwa yasa,
dziwe losambiramo likumeza maluwa a jakaranda
omwe ndimawavuula m'mawa, madzulo abwereranso.
Loweruka ndimazitulutsa zonse khumi ndi zinayi,
kuzigoneka pa thumba la feteleza ngati nsomba zoyanika,
kuzipukuta khosi, kuzikolokosa m'mano ndi mswachi wakale.
Zitatu zazikulu mitu zimavala zisoti zaubweya
mu Okutobala muno,
ine thukuta kamukamu, zigamba m'mawondo.

Atate anga ananyamuka ku Ntcheu ali mnyamata
kudzasaka ntchito kuno kudakali Sozibele.
Njinga yawo anaipachika kudenga kwa akulu awo.
Ankati, musaibwereke munthu, ndidzaipeza ndikadzabwera.
Chaka chilichonse ankatumiza ndalama ya girizi
ndi kalata yofunsa za matayala.
Anagona ku Warren Hills osaionanso,
kufupi ndi bwalo lina kumene mabwana amathamangitsa kampira koyera.
Ine Ntcheu ndimangomumva m'kamwa mwa anthu a m'basi.

Ndiye musandiuze kuti sindikudziwa
chimene munthu amasiyira katundu kumene iye kulibe.
Ndi chikhomo chimenecho,
kuti malo asakuiwale fungo.

Sabata yatha Ndaziona, mdzukulu wanga,
amene Chichewa chake chimatsimphina ndi Chishona,
anasolola ya nambala seveni ine ndikuthirira maluwa.
Anaika ndimu yosapsa pa kapinga,
anatambalala ngati amazionera pa foni,
phwaa!
Ndimu ija inadumpha mpanda, inadumpha mawaya a magetsi,
inakagwa pa malata a oyandikana nawo
agalu onse a mu msewu uno n'kuyamba msonkhano.
Ndinamukalipira ndithu, ndinamulanda,
koma pansi pa mtima wina wake ankaimba nthungululu.
Ndodo ija inali yofunda m'manja mwanga,
koyamba chichokere Januwale.

Dzulo foni yalira magetsi atangozima.
Akuti, Sekuru Lufeyo, chaka chino sindibwera,
bondo lavuta, madokotala akufuna kuling'amba.
Muzizipaka mafuta, zisachite dzimbiri,
ndipo musabwereke munthu.

Mawu omwewo.
Ndinakhala pa ndowa mu mdima,
kumvera makombi akukuwa kutali pa msewu wa ku Domboshava.

Ndinaganiza za njinga ija.
Ndikupemphera kuti wina anaitsitsa kalekale,
kuti yanyamulapo matumba a ku chigayo, mbuzi yomangidwa miyendo,
mayi wodwala usiku wa mvula,
kuti tcheni chinaduka, n'kulumikizidwa, n'kudukanso,
kuti inafa imfa ya njinga
osati kuola ili lende, akangaude atailuka maliro.

M'thumba la m'mbali mwa chikwamachi muli timipira sikisi,
golovesi ya dzanja limodzi yomwe idakapindabe zala,
ndi pensulo yaifupi ngati ndudu yotsala.
Sindikhudza zimenezo, ndine munthu wa ntchito.
Koma mtengo wa mandimu wabereka mopusa chaka chino,
nthambi zikuchita kukwawa pansi,
ndipo Loweruka likubwerali
ndikamazipukuta, maso angawa akalamba,
mwina sindidzaona bwino kuti zagona khumi ndi zitatu.