Atambala a Rustico

Ku Miagao, kuseri kwa nyumba ya malata,
mvula ya Ogasiti itangokata,
Rustico wapeza lipombo la wofiira litang'ambika,
magazi ali dontho dontho m'chikho cha kokonati.

Awiriwa anaswedwa tsiku limodzi.
Ankagona mutu pa mutu pansi pa bwato lobooka.
Lero woyera akuyenda cham'mbali, phiko pansi,
diso lili psuu.

Kale Rustico akadaseka.
Akadamanga kampeni kumwendo
n'kuthamangira kubwalo la juga Lamulungu masana,
kumene anasiya ndolo za Perla,
njati yolimira, ndi theka la munda.

Tsopano akuzika nsungwi pakati pa khola,
akukunga ukonde wa nsomba wotha ntchito.
Mathadzi asanu ndi awiri uku, asanu uko.
Deya wa mpunga m'mbale ziwiri, motalikirana,
wina asaone mnzake akujompha.

Wofiira wamupaka mafuta, wamupana m'khwapa,
kamtima kakugunda panthiti zake.

Perla wasuzumira pazenera. Sanayankhule.
Mawa mbandakucha adzalira onse,
aliyense kumbali kwake,
ndipo woyera, ndithu, adzayesa kulumpha.