Wailesi ya M'mutu mwa Nelita

Ine ndimakonza mawailesi pamsika wa Ulongwe.
Zaka makumi awiri zala zanga zikupsa ndi mtovu,
waya wodwala ndimam'dziwa pongonunkhiza.
Koma mwana wanga akazima
manja anga amangolendewera.

Amazima pakati pa mawu.
"Ababa, mbatatesi ija ya..."
basi maso tong'o, supuni ili m'malere,
zikope zikunjenjemera ngati gulugufe wonyowa.
Ndikawerenga kufika khumi wabwerera:
"...ya a Jemuse yaola."
Mwini wake sadziwa kuti anachokapo.
Aphunzitsi anati ndi mwano, anam'gwaditsa pamiyala.
Azakhali ake anati pali dzanja la munthu.

Tinakwera chapa nkhuku zisanatsike,
kusiya mapiri athu ozizira,
kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha,
mlatho wa Zambezi, kenaka Tete,
kumene dzuwa limakusaka ngati unalikongola.
Anatiuziratu: asagone mokwanira,
tsitsi lichapidwe, mafuta ayi.
Usiku ine ndi amake tinkasinthana kum'ponyera ndagi
mpaka ndagi zinatithera.

A Sandramo anayeza mutu wake ndi tepi, ngati telala,
kuchoka pamphuno kufika kunkhongo,
khutu ili mpaka khutu ilo,
nkuika timadontho ndi pensulo yofiira.
Padontho kaphala koyera,
pakaphala kachitsulo konga batani la malaya,
ndipo tiwaya tinatsika m'tsitsi ngati mizu ya kachere.
Ndinawagwira mkono. "Magetsi ochuluka bwanji?"
Anaseka. "Mesitiri, sitilowetsamo kanthu.
Ife tikungomvetsera.
Magetsiwo ndi ake, anabadwa nawo,
ndi ochepa moti pambali pake
batire lanu lakufa ndi damu la Kahora Basa."

"Tsinzina."
Mizere pagalasi inafatsa, timafunde tolingana
ngati munda wogaulidwa ndi khasu limodzi.
"Phenya."
Timafunde tija tinaphwanyika, nkukhala mchenga.
Nyali inaphethira pankhope pake, phethi phethi phethi,
palibe chinachitika.
Ndiye anam'patsa kapepala kozungulira pakamtengo.
"Uzira, usaleke."
Anauzira, anauzira, masaya tuu,
ndipo mphindi yachiwiri kapepala kanaima.

Pagalasi mizere yonse inadzuka nthawi imodzi:
msomali, chulu, msomali, chulu,
katatu pa sekondi, osaphonya.
Ndinawerenga monga ndimachitira kunyumba.
Pa zisanu ndi zinayi mchenga uja unabwerera.
"Ndiziuzirabe?" anafunsa Nelita.

Adokotala anazunguliza malowo ndi cholembera.
"Ndi khunyu, koma losagwetsa munthu.
Mankhwala alipo.
Ana ambiri limawasiya akamakula."
Amake analira chamumtima, mpango uli kukamwa.
Ine ndinakanirira papepala.
Moyo wanga wonse ndathamangitsa phokoso m'mawailesi
kuti patsale liwu limodzi loyera,
lero ndikuuzidwa kuti mutu wabwino ndi msika,
wa tomato akuitana, wa makala akunenerera,
aliyense ndi nkhani yake,
ndipo matenda ndi pamene msika wonse
wasiya malonda nkuyamba kuomba m'manja pamodzi.

Pobwerera, titadutsa milambe yomaliza,
anandinong'oneza: "Makina aja
anaona zimene ndimaganiza?"
Ndinati ayi, samva mawu, amangoona kugunda.
Anapumira m'mwamba.
Ndinakumbuka mametikali khumi
amene anasowa m'chitini changa Lachiwiri,
koma sindinanene kanthu.

Anagona paphewa langa chapa isanafike ku Zobwe,
kaphala kouma kakugwera pamalaya anga.
Ndinatsamiritsa khutu pamutu pake
monga ndimachitira ndi wailesi ya kasitomala.
Sindinamve kalikonse,
injini yokha ndi mbuzi yolira padenga.
Mapiritsi anali m'thumba la kumanzere,
pepala ndinalipinda kanayi.