Chitseko Chobiriwira pa Msewu wa Cannock

Msana wanga unayamba kulankhula mu Novembala,
m'chipinda nambala sikisi,
ndikudzutsa a Doreen kuti akasambe.
Iwo ngopepuka ngati thumba la makala lotsala theka,
koma zaka zisanu ndi ziwiri zonyamula makolo a eni
zinali zitaunjikana pamwamba pa chiuno,
ndipo m'mawa umenewo mwini ngongole anabwera kudzalonjerera.

Kuchipatala anati ndidikire kalata,
masabata khumi ndi awiri, mwina kuposa.
Padakali pano panado, botolo la madzi otentha,
ndipo musamangogona, mayi, muziyendayenda.
Ndinaseka. Ine ndi tulo tinatsanzikana pa Chileka.

Mwandida wa shifiti ya usiku ndiye anandilozera chitsekocho,
pakati pa okonza mafoni ndi ogulitsa tchipisi.
Akuti khosi lake linauma ngati mpini,
lero amacheuka m'basi osatembenuza thupi lonse.
Mwamuna wake akuti nkuba kwa masanasana:
mapaundi makumi anayi ndi asanu
kuti munthu akulize ngati zala?

Ndinapita Lachinayi,
mvula ya ku Wolverhampton ikuwaza, yosagwa, yosakata.
Pakona panapachikidwa msana wa pulasitiki,
woyera mbee, wosanyamulapo munthu chibadwire.
A Pemberton, manja ofunda, ndevu za imvi,
anandifunsa kuposa a imigireshoni:
mumagonera mbali iti?
Dzanzi limatsikira kumwendo?
Usiku mumadzuka nawo?

Kenako chafufumimba, nkhope m'kabowo,
ndikuona nsapato zawo zokha.
Tulutsani mpweya wonse, anatero.
Thyo!
Ngati phesi louma ukaliponda m'munda wokolola.
Ndinaitana amayi anga, amene anagona kalekale ku Mponela.

Mwabwezera fupa m'malo mwake? ndinafunsa.
Ayi, palibe chinachoka pamalo,
phokosolo ndi kampweya chabe ka m'mfundo.
Chilungamo chawocho chinandikhumudwitsa pang'ono.
Pa mtengo umenewo ndinkafuna chozizwitsa.

Komabe usiku umenewo ndinagona.
Masiku atatu ndinamanga ndekha zingwe za nsapato
osayamba ndakambirana ndi chiuno.
Lolemba batire la makina onyamulira odwala linatha,
tili awiri okha pa anthu makumi awiri,
ndipo ululu unabwerera osagogoda,
ngati mlendi wokhala ndi kiyi wakewake.

Ndinapitako kanayi.
Khosi lokha ndinakana.
Papepala lomwe ndinasaina panali timawu ting'onoting'ono
tokamba za mtsempha wopita kumutu.
Akuti sizichitikachitika.
Ndinati zikomo, ndili ndi ana awiri,
wina wa mphwanga ali Fomu 3 pa fizi yanga.
Sanakakamize. Anangolitikita ndi chala chachikulu
mpaka misozi inadontha kudzera m'kabowo kaja,
ndipo sindidziwa ngati unali ululu
kapena chifukwa zaka zonsezi ndikugwira anthu
panalibe anandigwirapo ine.

Kalata ija inafika mu Febuluwale.
Mtsikana wa mafizo, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba,
anandipatsa pepala la tianthu tojambula ngati machesi,
tikupinda maondo, tikuwerama ngati mphaka.
Tomwe tija a Pemberton anandipatsa,
tomwe ndinatsekera m'dirowa la masipuni.

Dzulo mphwanga analemba pafoni kuchokera ku Leeds:
achemwali, zimathandizadi? Nane wandiyamba.
Ndinalemba eya, ndinafufuta.
Ndinalemba ayi, ndinafufutanso.
Mwina ndi manja aja, mwina ndi timachesi,
mwina msana unangotopa nako kukwiya.
Batire latsopano nalo linabwera mwezi womwewo.

Sindinamuyankhebe.
Ndagona chagada pansi m'khitchini,
maondo pachifuwa, ndikuwerenga mpaka makumi atatu,
yunifolomu ikuuma pa hita,
ndipo kuchokera pansi pano ndaona
pomwe Dalirani wakhala akumata chingamu
kunsi kwa tebulo, chaka chonse.