Padenga la Girijamma

Ndinapita kwa Girijamma chifukwa cha tulo,
osati kukafuna nzeru.
Chimwalirireni mkazi wanga, miyezi isanu ndi umodzi,
zikope zanga zinkakana kukumana,
ndipo masana, m'kagalimoto kanga ka mateyala atatu,
ndinkatukwana aliyense m'misewu ya Mysuru,
ng'ombe zomwe, ana asukulu omwe.

Iye amagulitsa maluwa a jasimini pamsika wa Devaraja,
zala zake zimawatunga pa ulusi iye akuyang'ana kwina.
Koma m'bandakucha, msika usanadzuke,
amayala mkeka wakutha padenga la nyumba yake,
ife anayi kapena asanu titamuzungulira,
phiri la Chamundi likadali chithunzithunzi mumdima.

"Nanjunda, umapuma ngati wothawa ngongole.
Khala pansi. Wongola msanawo."

Chala chachikulu chitseke mphuno yakumanja.
Koka ndi yakumanzere, werenga mpaka kanayi.
Sunga.
Tseka kuno, tsegula uko,
tulutsa pang'onopang'ono ngati ukuuzira tiyi wa mwana.
Amati pranayama. Ine ndinkati kutaya nthawi.

Sabata yoyamba mawondo anadandaula,
ndinayetsemula, ndinasokoneza kuwerenga,
maganizo ali yakaliyakali:
mtengo wa petulo, lendi, khonde lija la kuchipatala.
"Usawathamangitse," anatero osatsegula maso.
"Asiye adutse. Iwe bwerera kumphuno."

Tsiku lina anati titseke makutu ndi zala,
titseke milomo, tilire ngati bemberezi.
Ndinachita manyazi, bambo wa imvi ngati ine.
Koma kulirako kunalowa m'mano,
kunagwedeza chigaza, kunatsikira m'nthiti,
kunakapeza mfundo imene ndinamanga tsiku la maliro
n'kuyamba kuikhwefula.
Misozi inatsika yokha. Palibe anandiyang'ana.
Usiku umenewo ndinagona osazimitsa wailesi,
ndinadzutsidwa ndi wogulitsa mkaka.

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono
anandimanga lamba pamkono, n'kukweza nsidze:
magazi sakuthamanganso ngati kale, mapiritsi musasiye.
Masitepe a kwa Girijamma, makumi atatu ndi awiri,
ndimawakwera tsopano osagwira khoma.

Pa chikondwerero cha Dasara njovu zinatseka msewu,
mahutala ali pipiii mbali zonse,
wokwera wanga akumenya mpando kuti sitima imusiya.
Ndinamva moto uja ukukwera pakhosi.
Ndinazimitsa injini.
Kanayi kulowa. Kasanu ndi katatu kutuluka.
Motowo unafika pa lilime, unasowa nkhuni.
Ndinaona belu pakhosi pa njovu yotsiriza,
ndinalimva likulira, pakati pa phokoso lonselo.

Sindikunama kuti mpweya unandibwezera Sharada.
Ndinalipo pamene wake wotsiriza unatuluka,
ndinadikira wina, sunabwere.
Koma kuyambira padenga paja ndadziwa
kuti uliwonse wolowa ndi mlendo,
sumukoka ndi chingwe, sumutsekera m'nyumba,
umamulandira, umamuperekeza mpaka pakhomo.

Lachisanu lililonse ndimaima pamsika
kugula nkhata ya jasimini yokoleka pa chithunzi chake.
Girijamma amayeza ulusi ndi mkono,
amaudula ndi mano,
sandichotsera ngakhale rupiya imodzi.
Amangoti, "Mawa usachedwe.
Ndipo mapewawo, tsitsa."