Nsapato za Kumanzere

Pansi pa mtengo wa nimu, pa depoti ya Salima,
pomwe anyamata a kabaza amalimbirana okwera,
ndimasoka nsapato za anthu a miyendo iwiri.
Dzina ndine Zuze. Chikwangwani ndilibe,
anthu amangoti kwa uja wa ndodo.

Lachinayi, dzuwa likusungunula phula,
kunabwera mayi wa yunifomu, jombo ili m'manja,
chidendene chake chili yasa.
Anati ndi Tisiyenji, wa ku Chipata,
wabwera kudzaphunzira kuzula mabomba okwirira
pamodzi ndi wina wa ku Tete, awiri a ku Zimbabwe,
ndi wa ku Angola amene amacheza naye ndi manja.

Jomboyo sinali yovuta. Ulusi ndi misomali inayi basi.
Koma ndinaiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinamuuza za munda wa mayi anga.
Nkhondo itatha anati bwererani kwanu,
tinabwerera, makasu pamapewa.
Nthaka sinamve kuti akuluakulu asainirana.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndikupirikitsa mbuzi
pakati pa chulu ndi mtengo wa masawu.
Phokoso sindilikumbukira. Ndimakumbukira fumbi m'kamwa
ndi mbuzi ija, patali, ikudyabe msipu.

Iye sananene kuti pepani. Ndinamukondera chimenecho.
Anati ntchito yake ndi yogwada,
chikhato chimodzi, kenaka china,
kupalasa dothi ngati ukusaka nsabwe m'mutu mwa mwana,
ndipo tsiku labwino ndi limene palibe chamveka.
Wa ku Tete akakweza dzanja onse amaima,
safunsa kuti chiphaso chake ndi cha dziko liti.
Bomba nalonso silifunsa. Mvula ikakokolola
limasamuka, limadutsa malire usiku popanda chidindo.

Kunyumba, kuseri kwa chitseko, kuli thumba la feteleza
lodzaza nsapato za kumanzere zimene sindinavalepo.
Wogulitsa kaunjika salola kugula imodzi.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikuveka phazi
limene linatsala m'dziko lina.

Jombo ija ndinaisoka kawiri, mzere pamwamba pa mzere,
ndinaitanitsanso inzake ngakhale inali yabwinobwino.
Atafunsa mtengo ndinamulipiritsa, inde,
ana anga sadya chisoni.
Koma pa kapepala kokulungira misomali ndinajambula:
chulu apa, masawu apa, kanjira ka kudambo,
dzina la mudzi, dzina la mtsinje.
Ndinati mukampatse mnzanu wa ku Tete.
Silinali limodzi, ndikudziwa,
agalu awiri sanabwerere chaka chomwecho.

Anakapinda kanayi, n'kukaika m'chipewa,
anakwera kabaza wolowera njira ya ku Senga.
Mwina chulu chija anachisalaza kalekale.
Mwina mudziwo unasintha dzina.

Kamtsikana ka sukulu kanali kakudikira,
patapata woduka lamba m'manja,
kataima ndi mwendo umodzi pothawa mchenga wotentha.
Ndinati ponda pansi, mwana iwe,
bwera pamthunzi, uponde ndi onse awiri.